MABUKU A KU JOHN ADAM STREET ALI NDI MAINA A YANI?

Anzathu a m'makomboni, ku London kuli bungwe lochedwa Royal Society of Arts. Analiyambitsa ndi William Shipley ndi anzace m'caka ca 1754, kuti lizipatsa ndalama ndi mendulo anthu otulukira nzeru zatsopano pa umisiri, ulimi ndi malonda. Nyumba yace ya pa John Adam Street analowamo mu 1774, ndipo kufikira lero makalata, zojambula ndi mabuku a misonkhano yao zikali kusungidwa. Pa ici tiwatamande, pakuti anthu aja sataya pepala.

Koma tsegulani mabukuwo muone. Mudzapezamo Captain William Bligh, amene analandira mendulo ya golide cifukwa ananyamula mitengo ya breadfruit ku Tahiti nakafika nayo ku St Vincent ndi Jamaica mu 1793. Zipatsozo zinali za yani? Zinali cakudya cochipa ca akapolo a m'minda ya nzimbe, abale athu a ku Africa. Mendulo inapita kwa kapitao wa combo, osati kwa iwo ogwira khasu.

Sitikana kuti anacitako zabwino. Mu 1805 anapatsa mendulo George Smart pa cipangizo cosesera m'macumuni, kuti ana aang'ono aleke kukwawa m'mwaye. Nanga mabwana analeka? Iai! Anawo anakwawabe kufikira lamulo la 1875. Zaka 70 zathunthu, cipangizo cilipo!

Ife tinena kuti mbiri imakomera mwini colembera. Kampani ya mgodi inalemba matani onse a kopa. Koma mu 1935 anthu 6 anaphedwa ku Luanshya pa sitalaka, ndipo mu 1940 ku Nkana anafa 17. Ndani m'komboni muno angachule maina ao lero? Ngakhale mmodzi cabe?

Mapepala a boma ali ku National Archives ku Lusaka, a migodi ali ku Ndola. Otsala ali m'masutikesi anu pansi pa bedi, kumene ciswe ndi makoswe akuwadya: citupa ca agogo, khadi la cipani, tikiti ya nchito, risiti ya African Mineworkers' Union ya masiku a Lawrence Katilungu. Musakolezere mbaula zimenezi, amai. Bwerani nazo kwa mlembi wa nthambi yanu tsiku la msonkhano, alembe dzina la mwini wace, mudzi wace, mfumu yace ndi nchito imene anagwira. Okalamba amene sadziwa kulemba abwere ndi pakamwa pao, anyamata a sukulu adzagwira pensulo.

KWACHA! NGWEE!