KODI MANKHWALA OTETEZA PENTI WA GALIMOTO NGOYENERA MTENGO WAKE?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Masiku ano munthu akagula galimoto, asanazolowere n'komwe chiongolero chake, amayamba kulandira uphungu wa abwenzi ndi wa amalonda wakuti afulumire kukaipakitsa mankhwala oteteza penti. M'malo ena otsukira magalimoto m'mizinda yathu, ndiponso pa Facebook ndi pa WhatsApp, dzina lakuti ceramic coating lamveka kwambiri, ndipo malonjezo amene amatsagana nalo ngokoma m'khutu. Akuti penti sadzakalika, sadzasuluka ndi dzuwa, fumbi silidzamatirira, ndipo galimoto idzanyezimira zaka zambiri monga tsiku limene inatuluka m'fakitale.

Nkhaniyi siyochepa ayi. Kwa mphunzitsi, kalaliki wa m'Boma kapena mwini golosale, galimoto ndicho chuma chachikulu chotsatana ndi nyumba, ndipo ambiri amaigula ndi ngongole imene adzabweza zaka zingapo. Tsono mankhwala amenewa amachokera kunja, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene dziko limafuna pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Awerengi athu akumbukira kuti mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi magawo 44 pa 100 aliwonse, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo. Chifukwa chake nkoyenera kufunsa mofatsa ngati chogulidwacho chikulingana ndi mtengo wake. Maganizo athu ngakuti mankhwalawa ali nalo phindu loona, koma lochepa kuposa limene amalonda amanena, ndipo kwa eni magalimoto ambiri m'dziko lino pali zina zimene ziyenera kutsogola.

CHIMENE TIKUFUNA KUTETEZA

Penti wa galimoto ya makono amapakidwa mosanjikiza. Pa chitsulo penipeni pamakhala mankhwala oletsa dzimbiri, amene amamatidwa ndi mphamvu ya magetsi pomiza thupi lonse la galimoto m'thanki. Pamwamba pake pamabwera penti wosalaza, kenaka penti wa mtundu umene maso athu amaona, ndipo pomaliza pamathiridwa vanishi wopanda mtundu, amene akatswiri amamutcha clear coat. Achikulire akumbukira kuti kale popukuta galimoto yofiira ndi polishi, nsalu nayonso inkafiira. Lero sizichitika pa magalimoto ambiri, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mafakitale anazolowera kuphimba mtundu ndi vanishi ameneyu.

Kuchindikala kwa penti kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa micron, ndiwo gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Zosanjikiza zonse pamodzi kawirikawiri zimakhala pakati pa ma micron 100 ndi 150, pamene vanishi yekha amakhala ngati ma micron 40 kapena 50, ndiko kunena kuti ngopyapyala kuposa pepala la m'kope la mwana wa sukulu. Kachikopa kameneka ndiko kamalimbana ndi dzuwa la mu October, zitosi za mbalame, utomoni wa mitengo ndi fumbi la m'misewu yathu. Kakatha, penti amayamba kuyera ndi kusupuka pa denga ndi pa boneti, monga tiona pa magalimoto ambiri akale.

NJIRA ZITATU ZIMENE ZIRI PA MSIKA

Njira yoyamba ndi yakale, ndiyo polishi wa sera. Sera wodziwika kwambiri ndi carnauba, amene amachokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa wa kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil. Ngotsika mtengo, mwini galimoto angathe kupaka yekha pa Loweruka, koma amatha pa masabata owerengeka kapena miyezi iwiri itatu, makamaka kumalo otentha.

Njira yachiwiri ndiyo ceramic coating. Awa ndi mankhwala amadzimadzi okhala ndi silika, chinthu chomwecho chimene chimapanga mchenga ndi galasi. Akapakidwa amauma ndi kugwirana ndi vanishi, nasanduka kachikopa kosalala kamene madzi sakhalapo. Kuchindikala kwake sikupitirira micron imodzi kapena ziwiri. Opanga ake amati angathe kukhala zaka ziwiri kufikira zisanu, malinga galimoto ikutsukidwa monga mwa malangizo awo.

Njira yachitatu ndi pepala la pulasitiki loonekera, limene amalitcha paint protection film, lomatidwa pamwamba pa penti. Chiyambi chake chiri ku nkhondo ya ku Vietnam m'zaka za m'ma 1960, pamene kampani ya 3M inapangira asilikali a ku America pepala loteteza mapiko a helikopita ku mchenga ndi timiyala. Pepalali limachindikala ma micron 150 kufikira 200, kuposa penti yense wa galimoto, ndipo mwa njira zitatuzi ndi lokhali limene lingathe kulanditsa penti ku mwala wothamanga. Ndilonso lokwera mtengo koposa. Ku Britain kupakitsa ceramic coating kwa katswiri kumadya mapaundi mazanamazana, pamene kukuta galimoto yonse ndi pepalali kumafika pa mapaundi zikwi zingapo.

CHINSINSI CHA 9H

Pa mabotolo ambiri a ceramic coating pamalembedwa kuti 9H, ndipo wogulitsa wina amafotokoza kuti mankhwalawo ngolimba pafupifupi ngati dayamondi. Apa ndipo anthu ambiri amasokera. Ulipodi muyeso wa kulimba kwa miyala umene anaukonza Friedrich Mohs m'chaka cha 1812, ndipo pa muyeso umenewo dayamondi ali pa 10. Koma 9H wa pa botolo sachokera kumeneko. Iye ndi muyeso wa mapensulo, monga HB ndi 2H amene ana athu amalembera ku sukulu, ndipo tanthauzo lake nlakuti pensulo yolimba ya 9H siingathe kukala mankhwalawo. Pensulo yomweyo siingakale ngakhale galasi la pa zenera, pamene mchenga, umene pa muyeso wa Mohs uli pa 7, umakala galasi pamodzi ndi chitsulo cha mpeni.

Tsono fumbi la m'misewu yathu lodzaza ndi timchenga totere. Mnyamata akatenga nsanza youma napukuta galimoto yafumbi m'mawa, ali kukwecha penti ndi mchenga, ndipo kachikopa ka micron imodzi sikangaletse zimenezo. Chimodzimodzinso mwala wotayidwa ndi tayala la lole. Pamene misewu ikukonzedwa, monga zakhalira pa msewu wa M1 m'zaka zapitazi, magalimoto amapatutsidwira m'tinjira ta m'mbali ta miyala ndi fumbi, ndipo boneti yopakidwa ceramic coating imabooka penti monga inzake yosapakidwa. Amene akulonjezani kuti galimoto yanu sidzakalikanso akunena zimene mankhwalawo sangathe kuchita.

PAMENE PALI PHINDU LAKE

Komabe tisawalakwire amalonda, pakuti ntchito imene mankhwalawa amagwira iripo. Galimoto yopakidwa bwino siivuta kutsuka, chifukwa matope ndi fumbi sizigwira zolimba. Zitosi za mbalame ndi utomoni zimachedwa kudya vanishi, kotero mwini wake amapeza mpata wozichotsa zisanasiye chipsera. Ndiponso munthu sasowa kupaka polishi mwezi ndi mwezi. Kwa mwini galimoto yatsopano, kapena kampani yobwereketsa magalimoto kwa alendo ndi a maukwati, imene malonda ake amadalira maonekedwe, phindu limeneli lingathe kubweza ndalama zake.

Koma chimene ambiri sadziwa nchakuti kunyezimira kumene amakuona tsiku lotenga galimoto kwa wopaka, mbali yaikulu sikuchokera m'botolo. Asanapake mankhwala, katswiri amayamba wasalaza penti ndi makina, kuchotsa timizere tonse, ndipo ntchito imeneyi ndiyo imadya maola ambiri ndi ndalama zambiri. Kusalazako kumapala pang'ono vanishi uja wochepa kale, motero sikungabwerezedwe kosalekeza. Wopaka waulesi akadumpha ntchitoyi, amatsekera timizere ndi litsiro pansi pa mankhwala olimba amene kuwachotsa kwake nkwa makina okhaokha.

Palinso nkhani ya madzi. Madzi a pa mjigo m'madera ambiri ali ndi mchere kapena laimu, monga adziwa bwino anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Pa galimoto yopakidwa ceramic coating madzi amaundana timadontho, ndipo timadonthoti tikauma pa dzuwa timasiya mawanga oyera ovuta kuchotsa. Choncho mankhwala ogulidwa kuti achepetse ntchito amafunanso sopo wake wapadera, nsalu zofewa ndi munthu woumitsa galimoto mwamsanga. Ndipo tsiku limene galimoto idzagundidwa chitseko, wokonza akatha kuwongola ndi kupopera penti, mwini wake adzadikira mwezi kapena kuposerapo kuti pentiyo akhwime, nadzalipiranso kuti chitsekocho chipakidwe mankhwala kachiwiri.

GALIMOTO ZIMENE IFE TIMAGULA

Tiyeni tiyang'ane magalimoto amene ali m'misewu yathu. Ochuluka ngogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ndipo amafika kuno atayenda zaka zambiri, atawoloka nyanja, nadikira pa doko monga la Dar es Salaam, nalowa pa chipata cha Songwe. Penti wa galimoto yotere waona kale dzuwa ndi chisanu, ndipo nthawi zina mbali ina inapoperedwanso ndi mwini wake woyamba. Vanishi amene wayamba kusupuka palibe mankhwala angamuukitse, koma kupopera penti watsopano basi. Pepala la pulasitiki nalonso lingathe kuzula penti wopoperedwa mosasamala pa tsiku lolimatula.

Mdani weniweni wa galimoto yotere amakhala kunsi, kumene maso safika. Ku madera ozizira a Japan, monga ku Hokkaido, amathira mchere m'misewu kuti asungunule chipale, ndipo mcherewo umayambitsa dzimbiri pansi pa galimoto. Ikafika kuno, matope a m'dzinja amaunjikana m'makona a pamwamba pa matayala nasunga chinyezi, dzimbiri nkumadyabe chitsulo mwakachetechete. Makolo athu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yonyezimira pamwamba koma yowola kunsi ndiyo mkuyu umenewo.

Tikumbukirenso kuti a Directorate of Road Traffic and Safety Services poyeza galimoto kuti ipatsidwe chiphaso cha COF amayang'ana mabuleki, matayala, nyali ndi chiongolero. Safunsa za kuwala kwa penti, ndipo achita bwino, pakuti penti wosuluka sanaphepo munthu, pamene tayala lakutha likaphulika pa mtsetse wa Chiweta limasiya ana amasiye. Bambo amene alipira ndalama zambiri kupakitsa mankhwala pa boneti, nayendabe ndi banja lake pa matayala osalala ngati chikhatho, wasokoneza mndandanda wa zinthu.

UPHUNGU WATHU

Inu eni magalimoto, musanatulutse ndalama chitani masamu awa. Funsani mtengo wa kupaka mankhwalawo. Kenaka funsani mtengo wa matayala anayi atsopano, wa kusintha oyilo chaka chonse, ndi wa kupoperanso boneti ndi denga kwa mmisiri wodalirika. Ngati chimodzi mwa zoyambazo chikudikira, mankhwala a penti adikire. Ngati mtengo wa mankhwala ukuyandikira wa kupoperanso penti, pa galimoto yakale nzeru iri poyera.

Chitetezo chachikulu cha penti nchotsika mtengo, ndipo zipangizo zake zimapezeka konkuno. Choyamba ndi mthunzi. Kashedi ka malata ndi mitengo ya bulugama, komangidwa ndi kalipentala wa m'mudzi mwanu, kamatchinjiriza galimoto ku dzuwa, mbalame ndi utomoni tsiku liri lonse kwa zaka zambiri, ndipo ndalama yake imatsala m'dziko. Chachiwiri ndi katsukidwe. Thirani madzi ambiri kuti fumbi litsike musanakhudze penti ndi nsalu, musagwiritse ntchito sopo wa ufa wochapira zovala, ndipo nsalu yotsukira matayala isakwere pa boneti. Zitosi zichotsedwe tsiku lomwelo. Dzinja likatha, tsukitsani kunsi kwa galimoto. Chachitatu ndi polishi wamba pa miyezi iwiri kapena itatu iriyonse.

Amene ali ndi galimoto yatsopano ndipo zofunika zonse wakwaniritsa, apake ceramic coating ngati afuna, podziwa kuti akugula kutsuka kosavuta. Amene amayenda maulendo ataliatali m'misewu ya miyala, ndipo mtima umamupweteka ndi penti wobooka, amate pepala la pulasitiki kutsogolo kokha, pa bampala ndi pa boneti, kumene miyala imamenya. Onsewa afunse dzina la mankhwala, aone botolo lake, aone galimoto imene wopakayo anaipaka chaka chatha, ndipo lonjezo la zaka lilembedwe pa pepala pamodzi ndi zimene zingalifafanize. Safunsa anadya phula. Wamalonda akalonjeza zabodza, bungwe la Competition and Fair Trading Commission liripo kuti lilandire madandaulo a ogula, ndipo nzika zisachite manyazi kupitako.

Dziko limene likumanga chuma chake lifuna anthu odziwa kusiyanitsa chofunika ndi chokongoletsa. Galimoto ndi chida cha ntchito, chonyamula mwana kupita ku sukulu, wodwala ku chipatala ndi mbewu ku msika. Tiyeni tiisamalire kuyambira ku mabuleki ndi matayala, ndipo penti alandire zimene zatsala.