Aulumali Nawonso Agwire Kamera

Anthu aulumali sasowa m'makanema a nkhani zenizeni. Timawaona akulandira njinga, akuthokoza bungwe, kwinaku nyimbo yachisoni ikulira chapansipansi. Koma ndi kangati pamene wogwira kamera, kapena wosankha zithunzi zolowa m'kanemayo, amakhala waulumali? Ine ndikuona kuti chimene chimawatsekera khomo ndi kagawidwe ka ndalama zothandizira opanga makanema.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika mwini nkhani akapatsidwa mpata. M'chaka cha 2020 ku America kunatuluka kanema wotchedwa Crip Camp, amene anatsogolera ndi James LeBrecht, yemwe anabadwa ndi ulumali wa msana, pamodzi ndi Nicole Newnham. Kanemayu amafotokoza za Camp Jened, msasa wa achinyamata aulumali ku New York, kumene LeBrecht mwiniwake ankapita ali mnyamata. Ena mwa achinyamatawo, monga Judy Heumann, ndi amene anadzatsogolera zionetsero za mu 1977 ku San Francisco zomenyera ufulu wa aulumali. M'kanemamo anthu amaseka, amakangana, amakondana, ndipo palibe wopempha chisoni. Anapambana mphotho ya oonera ku Sundance ndipo anapikisana nawo pa mphotho za Oscar mu 2021.

Wina ndi Reid Davenport, amene mu 2022 anatulutsa I Didn't See You There. Zithunzi zambiri anazijambula ali pa njinga yake, moti woonera amauona mzinda wa Oakland monga momwe iye ankauonera tsiku ndi tsiku. Naye anapata mphotho ku Sundance.

Tsono vuto la ndalama lili apa. Tiyerekeze kuti bungwe lapereka ndalama zofanana kwa anthu awiri. Woyamba azigwiritsa ntchito yonse pa kamera, maulendo ndi kukonza kanema. Wachiwiri ndi wosamva, ndiye ayenera kulipira womasulira chinenero chamanja tsiku lililonse lojambula. Akakhala woyenda pa njinga, minibasi siimuthandiza. Afunika galimoto yahayala, womuthandiza, komanso masiku ochulukirapo. Pamapeto kanema wake amachepa mphamvu, oweruza n'kunena kuti luso ndi lochepa. Kugawa mofanana kotereku n'kukondera kobisika.

Ena anaona kale zimenezi. Jason DaSilva, amene anajambula moyo wake ndi matenda a multiple sclerosis m'kanema wa When I Walk wa 2013, anayambitsa thumba la AXS Film Fund lothandiza aulumali opanga makanema a nkhani zenizeni, makamaka ochokera m'mitundu yosalidwa. LeBrecht ndi anzake anakhazikitsanso gulu la FWD-Doc lowamenyera nkhondo m'ntchitoyi.

Nanga kwathu kuno? Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali, komanso kuti anthu achialubino aposa 134,000. Kanema wodziwika kunja wokhudza nkhanza zomwe achialubino amakumana nazo ku Malawi ndi Lazarus wa 2019, wonena za woyimba Lazarus Chigwandali. Anatsogolera ndi David Darg, ndipo Madonna anaikapo dzanja. Kanemayu anathandiza, sindikutsutsa. Koma ndimadzifunsa kuti mtsikana wachialubino wa ku Machinga akanapatsidwa kamera ndi ndalama, akanatisonyeza zotani zomwe mlendo sangazione.

Wina anena kuti kuno ngakhale opanga makanema opanda ulumali akulira ndi ndalama, ndiye tiyambirenji ndi ochepa? Zoona, thumba ndi laling'ono. Koma malamulo a kagawidwe amaikidwa thumba likadali laling'ono. Likadzakula, amene anasiyidwa poyamba amakhala atasiyidwiratu.

Pempho langa kwa onse opereka thandizo, kaya ndi boma, akazembe kapena mabungwe, lili patatu. Ndalama za womasulira, mayendedwe ndi womuthandiza zikhale pa mzere wakewake, zisadye bajeti ya kanema. Munthu aloledwe kufunsira thandizo ndi mawu ojambulidwa kapena chinenero chamanja, osati fomu yolemba yokha. Ndipo pagulu la oweruza pakhale aulumali.

Ifenso ophunzira tili ndi mbali yathu. Tikamagawana ntchito ya kanema wa m'kalasi, mnzathu waulumali tisamangomukhazika kutsogolo kwa kamera kuti timufunse mafunso. Timufunse ngati akufuna kutsogolera.