Mbiri ya Msilikali Pabwalo la Ndale

Kwa zaka zambiri anthu a ku Zimbabwe anauzidwa kuti Mai Joice Mujuru anagwetsa helikopita ya asilikali a Rhodesia mu 1974. Koma atasemphana ndi Bambo Robert Mugabe mu 2014, chaka chimene anachotsedwa pa mpando wa Wachiwiri kwa Pulezidenti, anzao ena a kunkhondo anayamba kunena poyera kuti nkhaniyo inali yabodza. Pa chisankho cha 2018 Maiwa sanapeze ngakhale voti imodzi pa mavoti 100 alionse.

Zoterezi zinaonekanso ku America mu 2004, pamene gulu la Swift Boat Veterans for Truth linatsutsa mendulo zimene Bambo John Kerry analandira ku Vietnam, ndipo iwo anagonja pa chisankho.

Funso loyenera kufunsa ndi ili: ngati mboni za ku Zimbabwe zinadziwa choona, zinakhaliranji chete zaka 40? Chifukwa chake mphunzitsi wa ku Nkhotakota, pophunzitsa ana za asilikali a King's African Rifles amene anakamenya nkhondo ku Burma, awazoloweretse kuyesa mbiri ya msilikali ndi zolembedwa pa nthawi ya nkhondoyo, pakuti mau a pamsonkhano wa ndale amatsata amene ali pampando.