Mpunga wa Maungu

Nyengo ya maungu yafikanso. Mukadutsa pa msika wa Nsungwi ku Area 25, kapena m'mbali mwa mseu wopita ku Kanengo, muona milu ya maungu, ena akuyamba kuola asanapeze wogula. Chondidandaulitsa ine ndi chakuti ana athu a m'tauni ayamba kunyoza dzungu. Tsiku lina ndinafunsa ana a m'kalasi langa ngati amadya maungu kwao. Ambiri anaseka, ndipo mmodzi anati chimenecho ndi chakudya cha agogo kumudzi. Komatu mwana yemweyo amabwera kusukulu osadya kanthu, ndipo ikamakwana 10 koloko amakhala akuwodzera.

Makolo, nkhaniyi tisaitenge mwachibwana. Dzungu lofiira m'kati lili ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana pa matenda, ndipo thupi limalandira bwino vitamini ameneyu ngati chakudyacho chili ndi mafuta pang'ono, monga a mtedza. Ngati ana akukana dzungu lophika chabe, tiyeni tisinthe kaphikidwe.

Kaphikidwe kamene ndikufuna kukuuzani ndinakaona kwa mwana wanga wamkazi amene anaphunzira zophikaphika. Kumpoto kwa dziko la Italy, m'chigwa cha mtsinje wa Po, amalima mpunga wambiri, ndipo amauphika m'njira yotchedwa risotto. Sathira madzi onse nthaŵi imodzi ndi kuvundikira monga tichitira ife. Amathira msuzi wotentha pang'onopang'ono uku akutakasa, kufikira mpungawo utatulutsa ufa wake ndi kukhala wonona ngati wathiridwa mkaka. Akamaphika ndi maungu amamalizira ndi batala ndi tchizi. Ife tchizi sitingakwanitse, koma tili ndi nsinjiro, ndipo aliyense amene anadyapo futali akudziŵa kuti dzungu ndi mtedza zimamvana.

Iwo amagwiritsa ntchito mpunga waufupi wonenepa wotchedwa Arborio. Musavutike kuufuna. Mpunga wosweka, umene pamsika umatsika mtengo, umatulutsa ufa wake msanga kuposa Kilombero wathunthu wa ku Karonga. Kilomberoyo musungire alendo. Mpungawo muupete ndi kuusankha bwino, koma musautsuke kambirimbiri, pakuti ufa umene umapita ndi madziwo ndiwo tikuufuna.

Kwa banja la anthu 6 mufunika makapu 2 a mpunga, theka la dzungu lalikulu bwino, anyezi mmodzi, masupuni 3 a mafuta ophikira, theka la kapu ya nsinjiro, mchere, ndi makapu 7 a madzi. Ngati mwatsala ndi msuzi wa nkhuku, uikeni m'malo mwa madzi ena. Mtedza uli pafupi nafe pa Mgona, koma kulikonse kumene mwagula, sankhani ndi kutaya wonse wachuku musanasinje, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni woononga chiŵindi, ndipo moto suchotsa poizoniyo.

Sendani dzungu ndi kulidula tizidutswa. Theka muliŵiritse m'madzi aja kufikira litafeŵa, ndipo mulinyenye momwemo ndi mthiko. Umenewu ndiwo msuzi wanu, ndipo ukhale wotentha pambali pa mbaula. Mu mphika wina kazingani anyezi osampsereza, onjezani maungu otsala aja, kenaka mpunga wouma, ndi kutakasa kwa mphindi 2 kuti mbeu iliyonse ivale mafuta. Tsopano thirani msuzi chipande chimodzi. Takasani. Ukaphwa, thiraninso china, chomwecho chomwecho. Pakatha mphindi 10, sungunulani nsinjiro m'madzi pang'ono ndi kuthira, kuti nazo zipse bwino. Zonse zimatenga mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono.

Apa ndi pamene ndinagwa ine. Tsiku loyamba kuyesa ndinaganiza kuti ndingathe kuchonga makope a ana uku mphika uli pamoto. Ndisanamalize makope asanu fungo linandipeza pakhonde, ndipo mayi a kunyumba anapala mphikawo madzulo onse osandilankhula. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Chakudya ichi chimafuna munthu woima pamphika, ndi moto wa makala wofatsa. Nchifukwa chake ndikuti ntchitoyi muipatse achinyamata, anyamata omwe, pakuti mwana sanyoza chimene watakasa yekha.

Mudziŵa kuti wapsa mukalaŵa: mbeu ikhale yofeŵa koma yomveka pa dzino, ndipo mukaika m'mbale uyende pang'ono, osaima ngati nsima. Mukapitiriza, ana adzati mwaphika phala la mpunga, ndipo sadzakhala atanama. Ukazizira umalimba, tsono ngati bambo amaŵeruka mochedwa ku mafakitale a ku Kanengo, konzani msuzi ndi anyezi, koma mpunga muuike pamoto iwo akaloŵa pakhomo. Pambali ikani nkhwani kapena usipa.

Nthanga za dzungulo musataye. Zina mukazinge ndi mchere ana atenge popita kusukulu, zina muumitse ndi kusunga m'botolo, mudzabzale kuseri kwa nyumba mvula ikayamba mu Novembala.