Mwamanga mmodzi, koma ukaidi akugwira ndi mayi ndi ana

Achemwali, lero tikambe nkhani imene ambirife timaizemba. Pamaliro timasonkha. Paukwati timavina perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Wina akagonekedwa m'chipatala timaponyerana kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Koma zingomveka kuti bambo a pakhomo lina amangidwa, kuli ziii. Mbale yachopereka siyenda, gulu la pa WhatsApp silitsegulidwa, ngakhale anzake a kumpingo amayamba kulambalala pakhomopo. Mayi amatsala yekha ndi ana, ndipo boma limene latenga mwamuna wakelo silifunsa n'komwe kuti madzulo ano aphika chiyani.

Ife tikunena mosapsatira: boma likatsekera munthu amene amadyetsa banja, lili ndi udindo woonetsetsa kuti ana ake sakugona ndi njala. Tikunena ndalama zenizeni, zolowa m'manja mwa amene watsala ndi anawo. Ndipo nkhaniyi ndi yathu ife akazi, chifukwa m'ndende za m'Malawi muno mwadzaza amuna, akazi ndi ochepa zedi. Ndiye otsala kunja kuti asenze katunduyo ndani? Mkazi wake, mayi ake, mlongo wake, mwana wake wamkazi.

Titenge Ntcheu. Ambirife a m'tauni timaidziwa ngati poima basi pa msewu wa M1, pamene timatsika n'kugula kachewere, kabichi ndi tomato pa Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off. Kuseri kwa milu ya kachewereyo kuli mabanja amene moyo wawo wonse uli m'manja mwa munthu mmodzi kapena awiri: wolima dimba, wakabaza, wonyamula matumba pamsika, wootcha makala. Munthu ameneyo akamangidwa, ndalama imasiya kulowa tsiku lomwelo. Choipa kwambiri n'chakuti imayambanso kutuluka.

Tawerengani nafe. Ndende ya Ntcheu ili pa boma. Mayi wa ku Kasinje, ku Kandeu kapena kumapiri a Tsangano ayenera kulipira njinga yamoto kapena minibasi kuti akafike, n'kulipiranso pobwerera. Afika kukhoti, amva kuti mlandu wauimitsa, abwerenso tsiku lina. Ulendo wina umenewo, ndalama inanso. Mwamunayo akagamulidwa zaka zambiri n'kusamutsidwira ku Zomba, ku Chichiri kapena ku Maula, basi, kukamuona kumasanduka maloto.

Kenako chakudya. Si chinsinsi kuti akaidi m'dziko muno nthawi zambiri amadya kamodzi patsiku, nsima ya nyemba kapena nandolo. Wodwala, amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, sangalimbe ndi zimenezo. Ndiye mayi uja amatapa ufa womwe unali wa ana, amagula sopo, shuga ndi kausipa, n'kupita nazo kundende. Kunena zoona, azimayi osauka ndi amene akuthandiza boma kudyetsa akaidi ake, ndipo palibe amawathokoza.

Kenako belo ndi chindapusa. Apolisi eni ake amalengeza kuti belo yapapolisi ndi yaulere, koma ndi angati kumudzi amene akudziwa zimenezi? Pamene pali mantha ndi umbuli, akathyali sasowa. Amabwera n'kunena kuti "tipatseni kenakake tikalankhule ndi akuluakulu". Belo yakukhoti nayo nthawi zina imafuna ndalama ndi anthu omuimira. Chindapusa chikalephereka, munthu amalowa m'ndende. Apa m'pamene mbuzi imagulitsidwa motchipa, chimanga chimagulitsidwa chili m'munda, dimba limabwereketsedwa, mayi amakongola ku banki mkhonde, ikakanika amagwa m'manja mwa akatapila. Ndipo tisanamizane, alipo amuna amene akaona mayi wothedwa nzeru chonchi amati "ndikuthandizani" ali ndi mtengo wawo m'maganizo.

Mapeto ake mukuwadziwa. Mwana woyamba kusiya sukulu ndi wamkazi. Alere ang'ono ake pamene amayi ali ku ganyu. Pakapita miyezi timamupeza ali wantchito wam'nyumba ku Area 25 kapena ku Ndirande, mwina m'nyumba mwa ena a ife amene tikuwerenga pano. Kapena wakwatiwa. Lamulo la maukwati la 2015 limati munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Koma lamulo silidyedwa. Mwanayo sanaimepo pamaso pa majisitireti, koma chilango chake chimatalika kuposa cha bambo ake.

Tikudziwa zimene ena mwayamba kale kulemba: "Ndiye tizilipira mbava? Walira mvula walira matope."

Choyamba, si onse ali m'ndende amene apezeka olakwa. Ambiri ali pa rimandi, akungodikira mlandu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inaikanso malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe. Komabe anthu, makamaka oganiziridwa milandu yakupha imene imazengedwa ku High Court, amatha zaka akudikira. Tsiku lina khoti likadzati "alibe mlandu, pitani", mbuzi zija abweza ndani? Zaka za sukulu za mwana uja abweza ndani?

Chachiwiri, kumangidwa m'dziko muno kumakonda osauka. Kumbukirani Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa mu 2015 akupita kukachita geni yake ku Limbe m'mamawa, pomuganizira kuti ndi vakabu. Mu 2017 High Court inagamula kuti gawo la lamulo limene anamumangiralo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kumbukiraninso azimayi 19 a ku Dedza, pafupi pomwepa ndi Ntcheu, amene anamangidwa mu 2016 powaganizira kuti amadya ndalama za uhule, ndipo High Court ku Zomba inafafaniza chigamulocho chaka chomwecho. Awa ndi amene anapeza owamenyera nkhondo. Nanga amene sanapeze? Wakuba mabiliyoni ali ndi maloya, belo amaipeza msanga, ana ake sasiya sukulu. Wogwidwa ndi matumba awiri a makala ndi amene banja lake limagwa chagada.

Chachitatu, ngakhale munthuyo atalakwadi, walakwa ndi iyeyo. Thandizo tikunenali silipita m'thumba mwa mkaidi. Likupita kwa mwana wa Sitandade 4 amene sanabe nkhuku ya munthu.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani kwa ife omenyera ufulu wa amayi. Chaka ndi chaka, pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza, timavala malaya olembedwa mawu okoma n'kumauza amayi kuti akanene kupolisi. Ena amapitadi ku Victim Support Unit. Patapita masiku ochepa amabwerera kukapempha kuti mlandu uthe. Mwana wagwiriridwa ndi bambo omupeza, banja likhala pansi n'kugwirizana kuti "tikambirane zapachibale". Timawanyoza amayi oterewa, timati ndi opusa, akuikira kumbuyo chigawenga. Koma funso limene amafunsa ndi limodzi, ndipo sitinaliyankhepo: "Akamangidwa, anawa ndiwadyetsa chiyani?"

Malinga ngati funso limeneli lilibe yankho, njala ipitiriza kugwira ntchito ngati loya wa amuna ankhanza. Mwamuna womenya mkazi amadziwa bwino lomwe kuti thumba la ufa ndi limene likumuteteza. Thandizo la ndalama kwa banja la womangidwa limamulanda chishango chimenecho. Mayi wodziwa kuti ana adya ndithu angathe kuima m'khoti n'kupereka umboni mpaka pamapeto. Choncho amene mukuti thandizoli n'kunyengerera zigawenga, mwaitembenuza nkhani. Kusowa kwa thandizoli ndi kumene kukusunga ogwirira ana m'nyumba zathu.

Ena muti boma lilibe ndalama. Nyimbo imeneyi ndi yakale. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zonyazitsa umunthu, linakana chodzikhululukira chakuti chuma n'chochepa, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Mpaka lero ndende zikusunga anthu ochuluka kwambiri kuposa amene zinamangidwira. Ndalama zotsekera munthu wa mlandu waung'ono zimapezeka, koma zoti mwana wake agule kope ndiye zisowe? Chikhalirecho malamulo athu amalola chilango chogwira ntchito zothandiza anthu m'dera pa milandu ing'onoing'ono. Munthu angasese pachipatala m'mawa, masana n'kukalima dimba lake, boma osawononga ufa, ana osasiya sukulu.

Ndipo sitikupempha chinthu chachilendo. Njira ilipo kale: Mtukula Pakhomo. Inayambira ku Mchinji mu 2006, pano ili m'maboma onse, ndipo ku Ntcheu ndi ku Balaka boma la Ireland lakhala likuithandiza. Imasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe anthu okwanira otha kugwira ntchito, pafupifupi mabanja 10 pa 100 aliwonse. Tandiuzani, banja limene wolidyetsa watsekeredwa, mayi watsala ndi ana anayi ndi agogo, silikulowa m'gulu limeneli? Vuto n'lakuti kalembera amachitika pakapita zaka, pamene apolisi amamanga tsiku lililonse. Banja limene linkaoneka lodzidalira tsiku la kalembera likhoza kugwa mwezi wotsatira, koma khomo lolowera n'lotseka.

Mayiko ena anaziona kale. Ku Namibia, m'chigawo chathu chomwe chino cha SADC, thandizo la boma lolerera ana limafikanso kwa kholo losauka limene mnzake ali m'ndende. Ku Brazil, banja la wantchito wolandira zochepa amene ankasonkha ku thumba la penshoni limalandira ndalama iye akamangidwa. Ku South Africa, mu 2007, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, m'chigamulo cholembedwa ndi Albie Sachs, linati woweruza asanatumize kundende munthu amene akulera ana ayenera kuganizira kaye za anawo.

Nanga womangidwayo akakhala mayi? Apa ndiye zimafika poipa. Mwamuna akamangidwa mkazi amapita ndi kontena ya nsima. Mkazi akamangidwa, kawirikawiri bambo amapeza wina, ana n'kumwazikana kwa agogo ndi azakhali, wakhanda n'kulowa nawo m'ndende. Gawo 30 la pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa ana, limene Malawi anavomereza, limati kwa mayi woyembekezera kapena wa ana aang'ono aziyamba aganizira chilango china osati ndende. Malamulo a Bangkok amene United Nations inakhazikitsa mu 2010 amanenanso chimodzimodzi. Mapepala tinasaina. Chatsala n'kuchita.

Ndiye tikufuna izi:

1. Unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu utsegule khomo mu Mtukula Pakhomo loti banja losauka limene wolidyetsa wamangidwa lizilembedwa nthawi yomweyo, osadikira kalembera wina. Ntcheu ingakhale poyambira.

2. Munthu akangotsekeredwa, afunsidwe ngati wasiya ana kunyumba, ndipo ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma idziwitsidwe.

3. Mayi amene wanena kupolisi za nkhanza kapena kugwiriridwa kwa mwana akhale woyamba kuthandizidwa, ndalamazo zizifika kwa iye mwini, osadzera kwa achibale a kuchimuna.

4. Oweruza azigwiritsa ntchito belo yotheka ndi chilango chogwira ntchito m'dera pa milandu ing'onoing'ono, makamaka kwa amene akulera ana.

5. Aphungu ndi makhansala a ku Ntcheu aiyankhule nkhaniyi pokambirana za bajeti. Mafumu a kwa Ganya, kwa Njolomole, kwa Kwataine, kwa Champiti ndi ena onse pansi pa Inkosi ya Makhosi Gomani aletse mchitidwe wosala mabanja a akaidi pa ntchito zachitukuko ndi pa thandizo la chakudya.

Pamene tikudikira boma, ifenso tili ndi gawo. Ngati mukudziwa mayi amene ali m'vuto limeneli, muuzeni kuti belo yapapolisi salipira. Muuzeni za Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osauka. Muuzeni za a PASI amene amayendera ndende kuthandiza a pa rimandi, ndi a CHREAA amene amamenyera ufulu wa akaidi. Kwa otuluka, a Prison Fellowship Malawi ali ndi malo ku Balaka ophunzitsirako ntchito zamanja. M'magulu athu a banki mkhonde ndi a chipereganyu, kathumba kangozi kamene timasungira maliro ndi matenda kaziphimbanso mnzathu amene wakumana ndi zoterezi. Ndipo tisiye kumutchula mwana kuti "mwana wa mkaidi". Ali ndi dzina.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mchimwene wanu amene ali pa kabaza, bambo anu amene amayendetsa minibasi, ngozi imodzi yokha ikhoza kuwafikitsa m'selo, ndipo foni yoyamba idzalira ndi yanu. Tumizani uthengawu kwa phungu wa kwanu, ndipo mumufunse funso lomwe lija amayi amafunsa pa Victim Support Unit. Ayankhe.