Mpweya wa kuchipatala supha: yankho lathu

Mawu akuti wodwala akangoikidwa pa mpweya ndiye kuti kwatha afala kwambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo adakula mphamvu nthawi ya Covid-19. Makolo ena amafika pokaniza namwino kuika timachubu m'mphuno mwa mwana, ena amathawa naye usiku. Bodza limeneli tikulikana, chifukwa likutayitsa miyoyo.

Makina ambiri opereka mpweya m'zipatala zathu alibe mankhwala aliwonse mkati. Amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, umene okosijeni wake ndi magawo 21 pa 100 alionse, n'kuusefa kuti wodwala alandire wochuluka. Namwino amapana chala ndi kachipangizo koyezera. Kakaonetsa nambala yosafika 90, ndiye kuti magazi akuperewera okosijeni, ndipo kuchedwa kumavulaza ubongo ndi mtima.

Nanga bwanji ena amamwalira ali pa makinawo? Maliro amene anthu adawaona ndi enieni, sitikutsutsa. Koma taganizirani mwana wa chibayo wochokera ku Makhanga: wabanika masiku angapo kunyumba, wabwera panjinga kapena pabwato, n'kufika ku chipatala cha Trinity ku Muona nthiti zikulowa mkati, kuyamwa atasiya. Mpweya umamupeza matenda atapita kale patali. Kuuimba mlandu kuli ngati kuda bwato lopulumutsa anthu poti limangooneka Shire akasefukira.

Njira yosankhira ana odwalitsitsa pamzere, yotchedwa ETAT, idakhwimira konkuno ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo bungwe la WHO lidaifalitsa m'chaka cha 2005. Imati mwana wobanika, wokomoka kapena wosadzuka saima pamzere. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi, thamangirani naye kuchipatala lero lomwe.

Zipatala nazo zili ndi mbali yake pa manthawa. Anamwino ndi ochepa, maka usiku, moti amene amayamba kuona kuti wodwala wasintha nthawi zambiri ndi gadiyani wogona pansi pambali pa bedi. Iyeyo akaitana, amvedwe msanga, osakalipiridwa. Akuluakulu a zaumoyo m'maboma awiriwa aonetsetse kuti makina ali ndi jenereta kapena sola magetsi akazima, ndiponso kuti namwino poika timachubu aziuza mayi, m'Chisena kapena m'Chimang'anja, chimene waona pa mwanayo ndi ntchito ya mpweyawo.