Nkhuyu zodya a Fomu 4 zikupota yani?

Chaka ndi chaka mayeso a MSCE akamatha, nyimbo imakhala yomweyo. Pepala lomaliza likangotoleredwa, a Fomu 4 amatuluka ngati mbuzi zoduka chingwe. Ena amalembana mayina pamalaya a yunifolomu, ena amathirana ufa, ena amaimba monyoza nyemba zofumbwa zomwe adya zaka zinayi. Zimenezi ine ndilibe nazo mlandu. Koma alipo ena amene kutsanzika kwawo ndi mwala pawindo, kuthyola madesiki ndi kung'amba mabuku a mulaibulale. Awa ndiye ndili nawo mawu.

Iwe mphwanga, galasi waswalo si la ahedi ayi. Ahedi akagona kunyumba kwawo, zitseko zili chitsekere. Amene adzalumidwe ndi udzudzu mvula ikayamba ndi mwana wa Fomu 1, mwina mng'ono wako yemwe. Ndipo kalata ikatuluka yoti aliyense alipire zowonongeka, wokagulitsa thumba la chimanga ndi mayi ako kumudzi. Paja nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu.

Komatu musandiwombere m'manja msanga, inu akuluakulu amene mumati zonsezi zidabwera ndi matipate. Chichitikireni riferendamu ya 1993, mwana akangotsokomola mumati ndi demokalase, tibweretse chikoti. Mukuti kale ana anali aulemu? Ine ndikuti anali amantha. Mu 1992 ophunzira a pa Chancellor College atayenda m'misewu ya Zomba kuvomereza kalata ya mabishopu, ankaoneka ngati ana osamva ndipo koleji idatsekedwa. Lero ndani angawatchule opulupudza? Si phokoso lonse la ophunzira lomwe lili mwano.

Funso lomwe aphunzitsi amalizemba ndi ili: mkwiyo wophulika tsiku lomalizawu udali kuti zaka zinayi zonsezi? Udalipo! Mwana adafunsa za ndiwo, adauzidwa kuti atseke pakamwa. Adafunsa komwe kudapita ndalama za chitukuko zomwe bambo ake adapereka, adapatsidwa khasu kuti akakumbe dzenje. Ali Fomu 1 adazunzidwa ndi akuluakulu a m'hositelo, mapulifekiti akuyang'ana kumbali. Mphika wovundikira pamoto wotere, mukudabwa chiyani ukasefukira?

Ndiye zikawonongeka, chilango chake chimakhala chaulesi: kalasi yonse ilipire, apo ayi palibe kalata yaumboni. Wolakwa ndi wosalakwa mtolo umodzi. Khalidwe limeneli ngakhale akuluakulu a dziko ali nalo. Mu 2020 mayeso a MSCE atabedwa, adathetsedwa ali mkati, ndipo ana onse, ngakhale amene sadaone pepala lobedwalo, adalembanso mu Januwale 2021. Mwana amene waphunzira kuti kukhulupirika sikumuteteza, mumuuza bwanji kuti asunge mwambo?

Ine pempho langa ndi laling'ono. Ahedi, khalani pansi ndi ophunzira mwezi uliwonse, mumve za nsima yawo, muwawerengere poyera momwe ndalama zayendera. Akonzereni a Fomu 4 tsiku lawo lotsanzika, avine, alembane malaya, akusekeni pang'ono mwa sewero, simufa nazo. Koma woswa galasi mumupeze iyeyo, osati kalasi yonse. Abwere ndi kholo lake, agule galasilo, aliike ndi manja ake a Fomu 1 akuonerera. Chilango chotere chimaphunzitsa kuposa chikoti, chifukwa manyazi ake sapola msanga.

Inunso makolo, musamangofika pasukulu tsiku la mlandu lokha. Mtengo amauwongola ukadali waung'ono, osati pa Fomu 4, utamera kale ndevu.

Ndipo iwe amene ukuwerenga masiku otsala, kumbukira kuti zotsatira zikadzatuluka udzalowanso pachipata chomwecho, chipewa m'manja. Usatseke ndi mwala khomo lomwe udzagogodepo mawa.